FUNSANI MALUME: Zithunzi zanga n'zochepa, kodi kompyuta ingaphunzire kuzindikira mbozi?

Funso

Malume, ndine mnyamata wa ku Bangula. Ndinamaliza dipuloma ya zamakompyuta ku Blantyre koma ntchito sinapezeke, ndiye ndinabwerera kumudzi kumathandiza mayi kudimba. Ndinaganiza zopanga pulogalamu ya pafoni yoti mlimi akajambula chimanga chake, izimuuza ngati chagwidwa ndi ntchemberezandonda, kapena kapuchi, kapena chili bwinobwino. Ndili ndi zithunzi pafupifupi 2,600, koma zimene zili ndi mayina otsimikizika ndi 340 zokha. Anandithandiza kuzitchula ndi bambo ena amene anali alangizi a zaulimi, pano anapuma, ndipo maso awo sachedwa kutopa. Ndinatsatira phunziro la pa YouTube, modelo yanga (pulogalamu imene ndinaiphunzitsa ndi zithunzizo) inakhoza 97 pa 100. Nditaoloka nayo kupita ku Makhanga, pamaso pa alamu anga ndi anthu ena, inayamba kunena chimanga chabwinobwino kuti chili ndi mbozi, chodyekadyeka n'kumati chili bwino. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Aliyense amene ndamufunsa akuti deep learning, njira yophunzitsira kompyuta imene ndikugwiritsa ntchitoyi, imafuna zithunzi masauzandemasauzande. Kodi ndingosiya? Takhuta.

*Wamanyazi, Bangula*

Yankho

Mphwanga, usasiye. Manyaziwonso uchepetseko, chifukwa anthu amene anakuseka ku Makhangawo anakugwirira ntchito yaulere: anakuyesera modelo yako m'munda umene inali isanaupondepo. Ambiri amene amapanga zinthu zimenezi amaopa tsiku limenelo mpaka amangolizengereza.

Ine zinandionekera mu 2018. Ntchemberezandonda za mtundu watsopanozi zinali zitavuta kwambiri, moti mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Kuno kuchigwa zinatipeza pabwino, poti chimanga sichisowa chaka chonse. Cha mvula chikatha, cha m'madimba chimayamba madzi akaphwa. Ndinatsetsereka mapiri a Thabwa ndi kamera yobwereka. Chimanga chodyeka ndinachijambula m'munda mwa achemwali anga kufupi ndi Ngabu, dzuwa lili paliwombo, pansi pali dothi lakuda la makande lija, ming'alu yokhayokha. Chabwinobwino ndinakachipeza kudimba lina cha ku Livunzu, m'mawa kusanatenthe, pansi pali udzu biriwiri. Modelo inakhoza pafupifupi zonse. Ndinagula fanta.

Mnzanga wina wosakhulupirira msanga ndi amene anandiuza kuti ndiphimbe chimangacho pa chithunzi chilichonse, pangotsala pansi pokha, ndione ngati modeloyo isokonezeke. Sinasokonezeke. Inapitiriza kukhoza, chimanga palibe. Miyezi iwiri yonse ndinali ndikuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa dothi la ku Ngabu ndi udzu wa ku East Bank. Chikomekome cha mkuyu.

Ndikukayikira kuti zako zili chimodzimodzi, ndipo ungadzitsimikizire wekha usiku uno. Tsegula zithunzi 340 zija, usayang'ane masamba, yang'ana zina zonse. Zodyekazo unazijambula tsiku limodzi? Munda umodzi? Kodi pa zodwalazo sipakuoneka chala chako chikutsegula kumtima kwa chimanga, pamene zabwinozo unazijambulira chapatali uli chiimire? Ngati ndi choncho, modelo yako ndi katswiri wozindikira chala. Kompyuta ilibe chidwi ndi mbozi. Imangofuna chizindikiro chosavuta chimene chimayenda limodzi ndi dzina limene waipatsa, ndipo ikachipeza imaima pomwepo. Pali chida chotchedwa Grad-CAM chimene chimapaka utoto pamalo amene modelo inayang'ana popereka yankho. Ukachiyesa koyamba ukhale pansi.

Usaganize kuti izi zimagwera ife a kumudzi okha. Mu 2016 akatswiri atatu, Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé, anaphunzitsa modelo pa zithunzi 54,306 za m'nkhokwe yotchedwa PlantVillage, za mbewu 14 ndi matenda 26. Inakhoza kuposa 99 pa 100. Koma zithunzi zimenezo zinali za tsamba limodzilimodzi lothothola, loyalidwa pamalo osalala. Ataiyesa ndi zithunzi zochokera kwina, inatsikira pa 31 pa 100. Iwo analemba zimenezi poyera, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Taona, zithunzi zawo zinali zochuluka kuposa zako 340 zija maulendo oposa 150, koma anagwa m'dzenje lomwelo. Tsono amene akukuuza kuti vuto lako ndi kuchepa kwa zithunzi angokuuza theka.

Theka lawolo ndi loona ndithu, ndipo ndilifotokoze. Modelo ya deep learning ili ndi manambala ambirimbiri amene amasinthidwa pang'onopang'ono ikamaphunzira. Modelo ina yotchedwa ResNet-50 ili nawo pafupifupi 25 miliyoni. MobileNetV2, imene Google inapangira mafoni, ili nawo pafupifupi 3.5 miliyoni. Ukaipatsa zithunzi 340 kuti iyambire pachabe, malo osungira ndi ochuluka kwambiri moti imangoloweza chithunzi chilichonse ndi yankho lake. Ili ngati mwana wa Fomu 4 amene waloweza mapepala a mayeso a zaka zitatu zapitazo; mukamufunsa omwewo amayankha ngati wailesi, a MANEB akangotembenuza funso, thukuta kamukamu. Azungu amati overfitting. Ine ndimangoti kuloweza.

Njira yozembera zimenezi ndi kubwereka maso. Pali nkhokwe ya zithunzi yotchedwa ImageNet, imene mayi wina wasayansi, Fei-Fei Li, ndi anzake anaitulutsa mu 2009. Gawo lake limene ambiri amaphunzitsira lili ndi zithunzi zoposa 1.2 miliyoni za mitundu 1,000 ya zinthu. Ndi pamenepo pamene mu 2012 modelo ya AlexNet, ya Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton a ku Toronto, inadabwitsa anthu: inalakwa 15 pa 100 pamene wotsatira wake analakwa 26, ndipo deep learning inatchuka kuyambira pomwepo. Mu mitundu 1,000 imeneyo muli mitundu ya agalu pafupifupi 120. Ntchemberezandonda mulibe. Ungafunse kuti nanga agalu a ku Ulaya atithandiza chiyani kudimba.

Amathandiza chifukwa modelo imaona m'magawomagawo. Magawo oyambirira amaphunzira zinthu zazing'ono: mzere, m'mphepete mwa chinthu, kusintha kwa mtundu. Apakati amaphatikiza zimenezo kukhala madontho, mabowo, mikwingwirima, kukhakhala ndi kusalala. Gawo lomaliza lokha ndi limene limatchula dzina. Bowo ndi bowo, kaya lili pa nsapato kaya pa tsamba. Ndiye iwe umatenga modelo imene inaphunzira kale pa ImageNet, n'kuchotsa gawo lomalizalo, n'kuikapo lako la mayina atatu. Ena onse umawamanga kuti asasinthe, n'kuphunzitsa lakolo lokha. Manambala oti asinthidwe amatsika kuchoka pa mamiliyoni kufika pa masauzande ochepa, ndipo zithunzi 340 zimayamba kukwana. Imeneyi ndiyo transfer learning. Zikakhazikika, ungamasule magawo awiri kapena atatu apamwamba kuti nawonso asinthe, koma learning rate, mlingo wa mmene manambalawo amasinthira nthawi iliyonse, uitsitse kwambiri, apo ayi uwononga zimene unabwereka zija. Laputopu yako ikamalira, tsamba la pa intaneti la Google Colab limabwereketsa GPU, kachipangizo kofulumizitsa kuphunzitsa modelo, kwaulere kwa maola angapo. Chimene chingakupweteke ndi bandulo pokweza zithunzi, choncho uzichepetse kaye. Mamodelo ambiriwa amalandira chithunzi cha mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 224 m'litali ndi m'lifupi basi.

Kuti uone kuti si nthano: mu 2017 Amanda Ramcharan ndi anzake anajambula masamba a chinangwa m'minda ya bungwe lofufuza zaulimi la IITA ku Tanzania, zithunzi 2,756 zokha. Anabwereka modelo ya Inception v3, ndipo inazindikira khate la chinangwa ndi mavuto ena, kukhoza pafupifupi 93 pa 100. Ntchito ngati imeneyi ndi imene inabala pulogalamu ya PlantVillage Nuru, imene imagwira pafoni ngakhale popanda netiweki ndipo imayang'ananso za ntchemberezandonda. Uiike m'foni mwako. Osati kuti ugwe ulesi poona kuti ena anayamba kale, koma kuti uziyerekeza yako ndi yawo m'minda ya kwanu. Ukapeza pamene iyo ikulephera pa chimanga cha m'madimba a kuchigwa, wapeza chifukwa chokhalira ndi yako.

Ndikuganiza kuti phunziro la pa YouTube lija linakupangitsa kale zobwerekazi iwe osadziwa. Chimene silinakuuze ndi kagawidwe ka zithunzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse, chifukwa ndi pamene 97 wakoyo anabadwira.

Maphunziro ambiri amati sakaniza zithunzi zonse, 80 pa 100 ukaphunzitsire, zotsalazo ukayesere. Kwa iwe zimenezi n'zabodza. Ndikudziwa mmene timajambulira: ukapeza phesi lodyeka bwino, umalijambula kasanu, kuno, uko, chapafupi, chapatali. Ukasakaniza, zinayi zimapita kophunzitsira, chachisanu koyesera. Modelo ikachikhoza ndiye wayesa chiyani? Yangokumana ndi phesi limene ikulidziwa kale. Gawa potengera munda. Ngati zithunzi zako zinachokera m'minda 10, minda 7 ikhale yophunzitsira, munda umodzi kapena iwiri yosinthira makonzedwe, yotsalayo uitsekere m'bokosi, osaikhudza mpaka tsiku lomaliza. Nambala imene ituluke pamenepo ikukhumudwitsa. Mwina 70, mwina kutsika apo. Koma imeneyo ndi nambala yako yeniyeni, ndipo ikamakwera udzadziwa kuti chakwera ndi nzeru, osati mwayi.

Ndipo ukawerenga minda ukhoza kupeza kuti si 10, ndi itatu. Ukatero ndiye kuti ulibe zithunzi 340. Uli ndi minda itatu yojambulidwa kambirimbiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Zithunzi 100 zatsopano zochokera ku Makhanga, ku Ngabu, ku Mitole ndi kwanu ku Bangula, zina za m'mawa zina zamasana, zina chimanga chili m'mawondo zina chili m'chiuno, zojambulidwa ndi mafoni osiyana kuphatikizapo ka itel ka alamu ako kaja, zidzakupindulitsa kuposa zithunzi 1,000 za kudimba la mayi. M'munda uliwonse ujambule chodwala ndi chabwino chomwe, nthawi imodzi, mwa njira imodzi, kuti dothi ndi dzuwa zisakhalenso zonong'oneza mayankho. Ndalama ya boti pa Mtayamoyo ndi gawo la bajeti ya pulojekiti, usaione ngati yotayika.

Chinanso, usamangoyang'ana nambala imodzi. Ngati pa zithunzi 10 zilizonse 8 ndi za ntchemberezandonda, modelo yaulesi yongoyankha "ntchemberezandonda" nthawi zonse ikhoza 80 pa 100 isakudziwa kanthu. Werenga gulu lililonse palokha: pa za kapuchi yakhoza zingati, ndipo zimene yalakwazo yazitcha chiyani? Ndikubetcha kuti za kapuchi uli nazo zochepa kwambiri.

Tsopano za bambo aja. Chinthu chosowa kwambiri pa ntchito yako si zithunzi, ndi maso awo. Ndiye usawawononge powapatsa zithunzi motsatana mmene zilili m'foni. Modelo yako, ngakhale ndi yopepera, ipatse zithunzi 2,260 zopanda mayina zija, ndipo uone mmene ikudzidalira pa chilichonse. Zimene ikuti "ndikutsimikiza" zisiye kaye. Tenga 50 zimene ikukayika kwambiri, zosakhala za phesi limodzi, upite nazo kwa bambowo Loweruka m'mawa kusanatenthe, muzionere pa laputopu osati pafoni. Ukabwerako phunzitsanso modelo, sankhanso 50 zina. Amati active learning. Zili ngati mphunzitsi wanzeru amene sataya choko pa samu zimene kalasi yonse ikuzidziwa. Ndipo usapite chimanjamanja. Shuga ndi mafuta a njinga si chiphuphu, ndi ulemu. Pulogalamuyo ikadzatuluka, dzina lawo lidzakhalepo ngati iwo atavomera.

Koma nawonso ndi munthu. Mbozi zikadali zazing'ono, zonse ziwiri zimapala tsamba n'kusiya kachikopa koonekera, ndipo pa chithunzi ngakhale katswiri amakayika. Ntchemberezandonda ikakula ndi pamene imadziulula: mabowo akuluakulu ong'ambika, ndowe zambiri zonga utuchi wonyowa kumtima kwa chimanga, pamutu pake chilembo cha Y chozondoka, chakumchira madontho anayi okhala ngati ngodya za bokosi. Kapuchi amakonda kusiya timabowo tondondozana pa tsamba likatambasuka, kenako n'kulowa m'phesi. Ndiye tenga zithunzi 50 zimene bambowo anazitchula kale, upatse mlangizi wina kapena mlimi wotsogola wodziwa, osamuuza mayankho oyamba. Akasiyana pa zithunzi 10, usayembekeze kuti kompyuta ichita bwino kuposa aphunzitsi ake. Zimene asiyanazo mukambirane pamodzi, ndipo zosatheka kugamula muzipatse gulu lakelake. Ine ndikanakhala iwe ndikanawonjezera gulu lachinayi lakuti "sindikudziwa, funsani alangizi", n'kuikamo masamba a mapira, a bango, opserera ndi dzuwa, odyedwa ndi ziwala kapena mbuzi. Modelo ya mayina atatu ukaionetsa nkhope ya alamu ako isankhabe limodzi mwa atatuwo, ndipo isankha molimba mtima. Mlimi akagula mankhwala chifukwa cha yankho lolakwa, ndalama imeneyo ndi ya ndiwo.

Za data augmentation ndingodutsapo, poti maphunziro onse amazinena. Chithunzi chimodzi umachitembenuza, kuchipendeketsa, kuchidula m'mbali, kuchiwalitsa kapena kuchidetsa pang'ono, kuti modelo isachione chimodzimodzi kawiri. Zimathandiza, makamaka kudulako ndi kusintha kuwala, chifukwa dzuwa la kuno mu Okutobala limayeretsa chithunzi mbee. Uzichita utagawa kale minda, ndipo pa zophunzitsira zokha. Mitundu usaisinthe kwambiri, kuopa kuti tsamba lachikasu lingasanduke lobiriwira dzina lili lomwelo. Ndipo usadzinamize kuti 340 kuchulukitsa ndi 10 ndi 3,400. Ufa wake ndi womwewo, wangothira madzi.

Zithunzi zopanda mayina zingagwirenso ntchito mwa njira ina: modelo imazitchula yokha, iwe n'kutenga zokhazo zimene yatsimikiza kwambiri, n'kuziphatikiza ku zophunzitsira. Njira ina ya mtundu umenewu, FixMatch, imene akatswiri a Google anatulutsa mu 2020, inakhoza pafupifupi 95 pa 100 pa nkhokwe ya zithunzi yotchedwa CIFAR-10 itapatsidwa zithunzi 250 zokha zokhala ndi mayina. N'zogometsa, koma CIFAR-10 ndi yosesedwa bwino, magulu ake 10 ndi ofanana kukula, ndipo kusiyanitsa ndege ndi chule si kusiyanitsa mbozi ziwiri. Ukayamba izi modelo yako ikadali yozindikira dothi, idzadziphunzitsa bodza lake lomwe mpaka kulikhulupirira. Izi uzichite pomaliza, nambala ya m'bokosi ija ikayamba kuoneka bwino.

Ukakonza, ubwerere ku Makhanga komweko. Alamu akowo uwapatse foni ajambule okha.

Funso

Malume, ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Nchalo. Ana a kalabu yathu akufuna kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa mlamba ndi mphende pogwiritsa ntchito Teachable Machine, tsamba la Google lophunzitsira kompyuta kuzindikira zithunzi. Tili ndi zithunzi 40 zokha. Mwana wina akuti tingotenga zina pa Google, wina akuti tiuze AI itijambulire. Kodi n'zololeka?

*Mphunzitsi, Nchalo*

Yankho

Aphunzitsi, mwasankha bwino poyambira. Teachable Machine imabwereka kale maso a MobileNet, ndipo mlamba ndi mphende n'zosiyana kwambiri, wina wautali wandevu wopanda mamba, ina yophwatalala. Zithunzi 40 zingakufikitseni patali.

Za pa Google zilibe mlandu pa masewera a m'kalasi, kungoti nsomba za kumeneko ndi zamoyo, zikusambira m'magalasi kapena zanyamulidwa ndi mzungu womwetulira. Za kwathu zimachokera ku Elephant Marsh zili m'beseni, zina zong'amba, zina zowamba zakuda bii, zitayalidwa pa thumba la saka. Modelo yophunzira zoyambazo idzasochera pamsika wa Nchalo. Zojambula za AI ndiye muchenjere nazo kwambiri: zimaoneka zokongola koma zimatha kuika zipsepse posayenera, ndipo mphende yathu zimaisakaniza ndi nsomba zina zofanana nayo. Mukafuna, ziikeni pa zophunzitsira. Pa zoyesera ayi, pamenepo pakhale zithunzi zenizeni zokhazokha.

Koma ine ndikanati anawo muwalole achite zonse zitatu. Gulu lina liphunzitse ndi za Google, lina ndi za AI, lina lipite kumsika Loweruka ndi foni imodzi, lipemphe chilolezo kwa amayi ogulitsa, lijambule nsomba popanda nkhope za anthu. Kenako magulu onse ayesedwe ndi zithunzi 20 zimene inu mwajambula nokha pa benchi lina, n'kuzibisa mpaka tsiku la mpikisano. Muikemonso chithunzi chimodzi cha beseni lopanda nsomba, muone mmene modelo iliyonse itchulire.